Mtunda ndi womwewo, nanga maola akusiyana bwanji? London ndi New York

mayi_wa_awiri:
Abale ndithandizeni mutu wandizungulira. Ndimaona tikiti ya mchimwene wanga yochoka London kupita New York, popita alemba maola pafupifupi 8 koma pobwera 7 okha, kampani ndi yomweyo, mtunda ndi womwewo makilomita 5,500 ndi kanthu. Ola linali likupita kuti? Chinanso akuti anyamuka 10 koloko m'mawa kukafika 1 koloko masana, ine ndinayamba kusangalala kuti ndi maola atatu basi kkkk

Kadzidzi77:
Za 1 kolokozo musadandaule mayi, nthawi yofikira pa tikiti amalemba ya kumene mukutera, ndipo New York ili m'mbuyo ndi maola 5. Ndiye 1 koloko ya kumeneko ndi 6 koloko madzulo ya ku London, maola 8 aja akwana. Mu Malichi pamakhala masabata angapo pomwe kusiyana kumakhala maola 4 chifukwa Amereka amasintha mawotchi awo UK asanasinthe, musamalepo mukamamuimbira foni.

jay_wamkulu:
ola linalo ndi dziko lomwe likuzungulira eti, pobwera London imakhala ikukuchingamirani

Kadzidzi77:
Ayi aise zimenezo iwalani. Dziko limazungulira kulowera kum'mawa, zikanakhala choncho London bwenzi ikukuthawani osati kukuchingamirani. Ndipo mpweya umazungulira limodzi ndi dziko.

NdegeNdiMoyo:
Nkhani yonse ndi mphepo achimwene. Kumwamba kuja cha pa makilomita 10, pomwe ndege zikuluzikulu zimauluka, kuli mkuntho womwe amautcha jet stream, umachokera kumadzulo kulowera kum'mawa ndipo nthawi yozizira umalimba zedi mpaka kupitirira makilomita 200 pa ola. Ndege yokha imathamanga cha m'ma 900 pa ola, ndiye yochoka New York mphepo ija imaikankha kumsana, pomwe yochoka London imalimbana nayo kumaso ngati munthu wopalasa bwato motsutsana ndi madzi, n'chifukwa chake oyendetsa amaizemba n'kudzera njira ina yotalikirapo, ndipo njira za pa Atlantic zimenezi amazisintha tsiku ndi tsiku malinga ndi komwe mphepo yakhala. Mu February 2020 kunali namondwe Ciara, Boeing 747 ya British Airways inachoka New York n'kutera London m'maola 4 ndi mphindi 56, anthu anafika owachingamira asanadzuke ndithu. Pa ndege zonyamula anthu, Concorde yokha, ndege ija yothamanga kuposa liwiro la mawu, ndi yomwe inkaposa pamenepo, mu 1996 inauluka ulendo womwewo maola osakwana 3, koma anaisiya mu 2003.

Ine ndinakwerapo ulendo wopita ndipo ndinkangoyang'ana kamapu ka pa sikirini ya kumpando, ndinadabwa kuona tadutsa Ireland kenako tikukhota kulowera Newfoundland ku Canada, ndinati kodi tasochera? Koma pa dziko lobulungira njira yokhota ija ndiye yachidule, mapu a papepala amatinamiza.

mayi_wa_awiri:
Zikomo nonse, ndamva tsopano. Nanga maola 8 aja akuwerengera kuyambira ndege itanyamuka m'mwamba?

NdegeNdiMoyo:
Ayi mayi, amayambira pomwe ndege yachoka pageti mpaka kukaima pageti kwinako, kuyenda pang'onopang'ono pabwalo ndi kudikira mzere zili momwemo. Ku JFK, bwalo la ndege la ku New York, mzerewo umatha kutalika, ndiye akatera isanakwane 1 koloko musadabwe, koma owachingamira aonjezere nthawi ya imigireshoni ndi katundu.