Bambo a kunyumba amaleka kupuma ali m'tulo, kodi n'zimene zasokoneza mtima?

Mayi wa ku Chilomoni:
Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo a kunyumba ali ndi zaka 52, ndipo mkonono wawo ndinauzolowera kalekale. Chikundiopsa n'choti masiku ano mkononowo umangoti zii pakati pa usiku. Lachiwiri ndinawerenga chamumtima mpaka 25, chifuwa chikukoka koma mpweya osalowa, kenako anadzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Kukacha sakumbuka kanthu, amangodandaula mutu. Mwezi watha kuchipatala anawayeza mtima ndi makina a ECG n'kuwauza kuti mtima ukugunda mosalongosoka, akuti atrial fibrillation. Za mkonono sindinazitchule, ndinaopa kuwachititsa manyazi. Kodi ndinalakwa?

Namwino wopuma ntchito:
Mayi, bwererani mukanene, ndipo mukalowe nawo limodzi chifukwa mboni ndinuyo. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi sleep apnea. Munthu akagona minofu ya kummero imalefuka n'kutseka njira ya mpweya. Kukapita masekondi 10 osapuma, madokotala amawerenga kuti kamodzi, ndipo zikafika 30 pa ola vutolo ndi lalikulu. Mpweya ukatsekeka okosijeni amachepa m'magazi, mtima umachepetsa liwiro. Akadzidzimuka umathamanga mwadzidzidzi, BP n'kukwera. Kukoka kwa chifuwa komwe munaonako kumatamula zipinda zam'mwamba za mtima. Zikamachitika usiku ndi usiku, zipindazo zingayambe kunjenjemera m'malo mopopa, ndiyo atrial fibrillation ija, ndipo magazi angathe kuundana n'kubweretsa sitiroko. Akawapatsa mankhwala oletsa magazi kuundana, asadumphitse.

Mphwanga wa Ndirande:
Aaa, agogo anga ankaliza mkonono womveka mpaka kukhola, anafika zaka 90. Musawaopseze mayiwa.

Namwino wopuma ntchito:
Mkonono wokha si nkhani, achimwene. Agogowo ankalekeza kupuma?

Dalaivala wa ku Joni:
Ine zinandigwira. Ndinkadzuka kanayi usiku kukataya madzi, masana n'kumasinza pa maloboti. Kuchipatala anandigoneka ndi mawaya kumutu ndi kachipangizo pachala, m'mawa n'kundipatsa makina a CPAP, omwe amauzira mpweya m'mphuno kuti kummero kusatsekeke. Sabata yoyamba ndinkachivula chophimba kumphuno cha makinawo ndili m'tulo, mkazi wanga n'kumandivekanso. Pano ndikapita ulendo wautali ndimayamba kulongedza makinawo, zovala pambuyo. Kumudziko ganizirani za batire, magetsi akathima usiku makinawo nawo athima. Podikira zakuchipatala, bambowo asamagone chagada, ndipo mowa wamadzulo ausiye, umalefula kummero kuposa kale.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Usiku wathawu ndawajambula pa foni, ndawaonetsa m'mawa uno akumwa tiyi. Anangoti kukamwa yasa, kenako akuti, "Ameneyu ndine?" Tipita Lolemba. Za mowazo ndiye tikukanganabe.