Kasitomala akufuna timu ya rugby league ku Dublin, lipoti likufunika Lachisanu

Nabanda (Leeds):
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kuntchito andisenzetsa lipoti loti lifike pa tebulo la abwana Lachisanu. Kasitomala wathu ndi mpondamatiki wina wa zomangamanga, ndipo akufuna kuyambitsa timu ya rugby league ku Dublin yoti pakapita zaka zochepa izisewera mu Super League, ligi yaikulu ya masewerowa ku England. Gawo langa ndi la msika: kodi anthu ogula matikiti aliko? Abwana akuti ndingoyamba ndi Las Vegas basi, poti mu 2024 NRL, ligi yaikulu ya ku Australia, inakoka anthu opitirira 40,000 ku Allegiant Stadium, ndipo mu 2025, Wigan ndi Warrington, matimu a mu Super League, atapita nawo, anapitirira 45,000. Akuti ngati ku America, komwe masewerowa sawadziwa n'komwe, anthu anakhamukira chonchi, nanga kuli bwanji ku Ireland komwe rugby ndi yodziwika kale. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa mfundo yowayankhira. Ndiyambire pati?

aPhiri (Perth):
Mtima wanuwo sukunama achemwali. Ine ndimadyera matikiti, ndiye ndikaona chiwerengero chachikulu ndimayamba ndafunsa kuti anthuwo anachokera kuti. Ambiri mwa omwe anali ku Vegas anakwera ndege kuchokera ku Sydney, Brisbane, Auckland ndi kumpoto kwa England, atasunga ndalama chaka chonse kuti akadyere tchuthi kumeneko. Anthu obwera ku ukwati sitiwawerenga ngati mpingo, mpingo timawerenga Lamulungu lotsatira. Komanso Peter V'landys, mkulu wa bungwe loyendetsa NRL, sanabise kuti ku America akusaka ndalama za kanema ndi za makampani a juga. Sanapite kukayesa ngati Las Vegas ingakhale ndi timu yakeyake. Ndiye chiwerengero chimenecho chikuyankha funso lina, osati lanulo.

Ndikuuzeni za kuno. Mu 2019 State of Origin, mpikisano wa zigawo za New South Wales ndi Queensland, inabwera ku Optus Stadium ndipo kunalowa anthu pafupifupi 60,000. Koma Perth Bears, yomwe ikulowa mu NRL mu 2027, bwalo lake ndi HBF Park, lokwana anthu cha m'ma 20,000. Amene anawerengera anadziwa kuti khamu la tsiku limodzi silibwera sabata ziwiri zilizonse.

Chisale (Manchester):
Ine ndiyankhula ngati wowerengera zachuma. aNabanda, musanafike pa ochemerera, lembani tsamba limodzi lokhala ndi funso ili: ndege za matimu obwera alendo alipira ndani? Matimu atsopano ambiri afera pamenepa. aPhiri atha kuchitira umboni, Western Reds ya kwawoko inalowa mu ligi ya ku Australia mu 1995 itavomera kulipirira ulendo wa timu iliyonse yobwera ku Perth. Pomatha 1997 inali itatsekedwa.

Toronto Wolfpack inaponda momwemo. Inayamba mu League 1, ligi yachitatu ya ku England, mu 2017, nayonso itavomera kulipirira maulendo a matimu a ku England owoloka nyanja. Ku Lamport Stadium anthu ankabwera ndithu, moti pa nkhani ya khamu palibe amene ankawaderera. Anamenya Featherstone Rovers mu 2019 n'kukwera mu Super League, anagula Sonny Bill Williams, dziko lonse linawatembenukira. Koma analowa opanda gawo lawo la ndalama za kanema, ndipo chilichonse chinkatuluka m'thumba la munthu mmodzi, David Argyle. Covid itafika, mu Julaye 2020 anatuluka mu ligi, osewera ali ndi miyezi osalandira malipiro, ndipo mu Novembala matimu anzawo anavota kuti asabwererenso. Kasitomala wanuyo ndi munthu mmodzinso. Mitengo ya simenti ikamuvuta chaka chachitatu, timu idya chiyani?

Nabanda (Leeds):
Za ndege ndinaziika pansi poganiza kuti Dublin si Toronto. Kuchokera pa Leeds Bradford ndi ulendo wa ola limodzi, komanso pali sitima ya pamadzi ya ku Holyhead.

Chisale (Manchester):
Ndi pafupi inde, ndipo ndi mwayi wanu. Komabe muwerengere anthu onse oyenda ndi timu: osewera 17 a tsikulo, ena apadera, makochi, adokotala, onyamula katundu. Muchulukitse ndi magemu onse apakhomo. Kenako muwerengerenso timu yanuyo ikamapita ku England, poti iyo gemu iliyonse yakoyenda ndi ya ndege. Ndipo alembereni a RFL, bungwe loyendetsa masewerowa ku England, akuyankheni papepala ngati timu yatsopano ingapatsidwe ndalama za kanema kapena ayi. Zapakamwa musazilowetse mu bajeti.

Mayi Nasibeko (Dublin):
Ndawerenga zonse, ndiloleni ndilowepo poti mukukamba za pakhomo panga. Ine ndimagwira ntchito yosungitsa malo a magulu m'mahotela kuno. Mwana wanga, chinthu chomwe abwana ako sakuchiona ali ku Leeds ndi kalendala. Super League imayamba Febuluwale mpaka Okutobala. Miyezi yomweyo kuno ndi ya GAA, mpira wa Gaelic ndi hurling, ndipo masiku ano ndime zomaliza za All-Ireland zimachitika mu Julaye ku Croke Park, bwalo lolowa anthu 82,000. Loweruka m'mawa ukadutsa pa bwalo lililonse la m'dera upeza tiana tavala zipewa zolimba, timitengo ta hurling m'manja, makolo ataima m'mbali ndi makapu a khofi. Amenewo ndiwo anthu omwe mukufuna kuwagulitsa matikiti madzulo ake. Ligi ya mpira wamiyendo ya kuno nayonso imaseweredwa miyezi yomweyo, ndiye Tallaght Stadium, yomwe ingakhale yokukwanani bwino chifukwa imalowa anthu cha m'ma 10,000, imakhala ili m'manja mwa Shamrock Rovers. Mpaka kumayambiriro kwa Juni Leinster, timu yaikulu ya rugby union ya kuno, imakhala ikadali m'bwalo.

China, munthu wa kuno ukati rugby amamva union basi, mtundu wina uja wa rugby, osati league. Timu ya dziko ya rugby league iliko, inafika mpaka ndime ya matimu asanu ndi atatu pa World Cup ya 2000, koma osewera ake ambiri amakhala obadwira ku England ndi Australia a makolo a ku Ireland. Anzanga a kuntchito ndikawafunsa za Brian Carney, mwana wa kuno yemwe anatchuka ku Wigan, ambiri amangondiyang'ana.

Za mitengo ya mahotela m'chilimwe sindinena zambiri, tsegula wekha uone Loweruka lililonse la mu Juni. Masapota a Castleford kapena Leigh abwera chaka choyamba chifukwa cha chidwi. Chaka chachitatu ayamba kuwerenga.

Kamwendo (Lilongwe):
Pepani kudula, ife a mpira wamiyendo tatayika. Kusiyana kwake ndi kotani ndi rugby timaiona pa SuperSport ija?

Nabanda (Leeds):
Achimwene, league ndi ya osewera 13, union ndi ya 15. Mu league timu ikagwetsedwa kasanu ndi kamodzi mpira umapita kwa anzawo. Anapatukana mu 1895 ku George Hotel ku Huddersfield, pokangana za kulipira osewera omwe ankajomba kumigodi ndi kumafakitale. Mpaka lero mphamvu zake ku England zili m'matauni a mumsewu wa M62, n'chifukwa chake nkhani yofuna misika yatsopano siitha.

Mbewe (Johannesburg):
Ine ndikutsutsani pang'ono akuluakulu, mukumuopseza mlongo wathuyu. Mukungotchula maliro okhaokha. Nanga Melbourne Storm? Analowa mu 1998 mumzinda womwe anthu amapembedza AFL, mpira wawo wa ku Australia, osewera onse ochokera kwina, ndipo mu 1999 anatenga chikho. Lero ndi imodzi mwa matimu amphamvu kwambiri mu NRL. Anthu amatsata opambana. Ukadikira kuti ana a sukulu ayambe akula kaye, udikira mpaka imvi. Ife kuno timaona, rugby league yakhala ikuyesa kumera kuchokera pansi kwa zaka zambiri koma union yaiphimba.

Chisale (Manchester):
aMbewe, Storm ndi chitsanzo chabwino, koma mutchulenso mwini wake. Inali ya News Limited, kampani ya Rupert Murdoch, yomwe panthawiyo inalinso ndi theka la NRL ndiponso gawo mu kanema woonetsa magemuwo. Timu ikaluza ndalama ku Melbourne, kampani inkapindula kwina. Anaigwirizira mpaka 2013 pomwe anaigulitsa. Zaka 15 zimenezo. Kasitomala wa aNabanda akasaina kuti apirira zaka 15, ine ndikhala woyamba kugula jezi.

Timu ya Papua New Guinea yomwe ikulowa mu NRL mu 2028 ndi chimodzimodzi. Boma la Australia lalonjeza madola a kwawo 600 miliyoni pa zaka khumi, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi ndale za m'nyanja ya Pacific. Kuwonjezera apo rugby league ndi masewero a fuko lonse kumeneko, ndipo PNG Hunters yakhala ikusewera mu Queensland Cup kuyambira 2014, inatenganso chikhocho mu 2017. Boma la Ireland lilibe chifukwa chochitira zimenezo.

Mbewe (Johannesburg):
Ndamva madala. Komabe musamuuze kuti alembe "sizingatheke". Kasitomala salipira kuti amve zimenezo, angopita ku kampani ina yomwe imuuze zokoma.

aPhiri (Perth):
Apa aMbewe alasa. Achemwali, musalembe inde kapena ayi. Lembani njira yoyesera yotchipa, yokhala ndi malo oimira. Chitsanzo choti mutsegulire lipoti ndi France, chifukwa kumeneko zinayesedwa kawiri. Gemu yoyamba ya Super League mu Malichi 1996 inali ku Paris, Paris Saint-Germain ndi Sheffield Eagles, anthu pafupifupi 18,000. Mzinda waukulu, dzina lalikulu. Pomatha 1997 timu kunalibe. Kenako mu 2006 analowetsa Catalans Dragons ya ku Perpignan, tauni yaing'ono koma yomwe yakhala ikusewera league kuyambira m'ma 1930. Anawateteza zaka zitatu kuti asatsike ligi, ndipo zinathandiza chifukwa chaka choyamba anathera pansi penipeni. Mu 2018 anamenya Warrington ku Wembley n'kutenga Challenge Cup. Atatero m'pamene anapita ku Camp Nou ku Barcelona mu 2019 n'kukoka anthu 31,555. Bwalo lalikulu linabwera patatha zaka 13.

Tsono ku Dublin, kasitomala agule kaye gemu imodzi yapakhomo ya timu ya Super League, aibweretse pa bwalo laling'ono ngati la ku Donnybrook. Chaka chotsatira abwerezenso, mwezi womwewo, mtengo womwewo. Chofunika kwambiri ndi mmene mugulitsire matikiti. Aliyense wogula alembe komwe amakhala, Eircode kapena postcode ya ku UK. Aulere muwapatse mtundu wawo ndipo muwerenge pageti angati mwa iwo analowadi, chifukwa tikiti yaulere yambiri imathera m'thumba la jekete. Ndiye mudzakhala ndi manambala awiri enieni: anthu a ku Ireland omwe analipira okha, ndi angati mwa iwo anabweranso chaka chachiwiri. Lachiwirilo ndi lomwe ine ndingaikepo ndalama.

Mayi Nasibeko (Dublin):
Mukasankha tsiku pewani Julaye. Ndipo muyang'ane kaye ngati ku Croke Park kapena ku Aviva kulibe woimba wamkulu sabata imeneyo, apo ayi alendo anu akagona ku Drogheda.

Chisale (Manchester):
Onjezani ziwiri. Kasitomala avomere kuika padera ndalama za malipiro a osewera a chaka chathunthu, zoti iye sangazikhudze, RFL isanamufunse n'komwe. Pambuyo pa Toronto palibe amene angamukhulupirire popanda zimenezo. Chachiwiri ndi mapepala a osewera. A ku UK alibe vuto chifukwa cha mgwirizano wa Common Travel Area, koma a ku Australia, Tonga kapena Samoa afunika zilolezo za ku Ireland, ndiponso muone za kulowa kwawo ku UK pa magemu akoyenda. Celtic Crusaders ya ku Wales, chaka chake choyamba mu Super League mu 2009, osewera asanu ndi mmodzi a ku Australia analamulidwa kutuluka m'dziko pa nkhani ya maviza. Inasamukira ku Wrexham, ndipo pomatha 2011 inachoka mu ligi.

Muwerengenso ndondomeko ya magiredi ya IMG, kampani yomwe ikuthandizana ndi RFL. Masiku ano kupambana m'bwalo kokha sikukulowetsa mu Super League. Amapereka mapointi 20 poyang'ana ochemerera, zotsatira, chuma, bwalo ndi dera, ndipo giredi A imafuna 15. Timu yobwereka bwalo, yopanda mbiri ya zaka zingapo, iyambira kutali.

Nabanda (Leeds):
Zikomo kwambiri nonse. Ndakhala pansi ndi abwana masanawa. Vegas sanafune kuichotsa, koma tagwirizana kuti ipite kumbuyo, m'gawo la ndalama za kanema. Lipoti liyamba ndi Paris ndi Perpignan, kenako tsamba la aChisale la ndege ndi malipiro, kenako magemu awiri oyesera. Pomwe tasiyana ndi pa malo oimira. Ine ndikufuna tilembe tsopano chiwerengero cha matikiti ogulidwa ndi anthu a ku Ireland chomwe chikapanda kukwana, kasitomala asapitirire. Iwo akuti tidzachione gemu itachitika.

aPhiri (Perth):
Limbikirani chilembedwe tsopano, ndipo kasitomala asainire. Chikadzasankhidwa pambuyo, nambala iliyonse yomwe ituluke adzati yakwana. Werengani chammbuyo: tengani bajeti ya chaka ya aChisale, chotsani za othandiza zomwe zili papepala, zotsalazo mugawe ndi magemu apakhomo ndi mtengo wa tikiti. Ndikutumizirani kumbali fomu yomwe timagwiritsa ntchito pageti, mungosintha pa postcode.

Mayi Nasibeko (Dublin):
Unditumizire masiku atatu omwe ukuganizira, mawa ndikakuonera mitengo ya zipinda za gulu.