Nyumba yofululira vinyo ku Stellenbosch: pulani iyambire pati?

Wanjerwa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Famu ya mphesa ku Stellenbosch, ku South Africa, yokolola matani 100 pachaka, ili ndi nyumba yakale ya gebulo (khoma lakumaso lokongoletsedwa, lotalika kufika pansonga ya denga) yoyera ndi denga la udzu, ndipo eni ake akufuna malo ofululira vinyo. Akonze yakaleyo kapena amange ina? Nanga zoti nyumbayo ikhale pamtsetse n'zofunikadi, kapena n'zongokopera alendo?

Kamphesa:
Achimwene, gebulo muisiye kaye. Pulani imatsata ulendo wa mphesa: polandirira, pochotsa timapesi, m'matanki owiritsira, pofinyira, m'migolo, kenako m'mabotolo. Njira ya forklift, kagalimoto konyamulira katundu wolemera, isamadutsane ndi ya alendo odzalawa.

Mtsetse uli ndi ntchito yake. Mphesa zikalowera pamwamba, zimatsika zokha mpaka ku migolo, pampu osaigwiritsa ntchito kwambiri. Pampu yankhanza imaswa njere, ndipo njere zosweka zimawawitsa vinyo wofiira. Ku famu ya Vergelegen, kufupi ndi tauni ya Somerset West, anamanga nyumba yotere mu 1992, yambali zisanu ndi zitatu, mbali yaikulu ili m'kati mwa phiri. Koma kukumba phiri n'kodula, ndipo khoma lokhudza dothi likufuna zotchinga madzi ndi paipi yamabowo pansi pa maziko, chifukwa mvula ya kumeneko imagwa m'nyengo yozizira, June mpaka August, nthaka n'kukhuta madzi kwa miyezi. Pa matani 100 mtsetse wa mamita anayi kapena asanu ukwanira. Pakakhala pachidikha, nyamulani nkhokwe ya mphesa ndi forklift n'kukhuthulira m'thanki, zotsatira zake sizisiyana kwenikweni.

Malo muwerengere chonchi. Tani imodzi imapereka malita pafupifupi 700, ndiye onse ndi 70,000. Theka likapita m'migolo ya malita 225, ndi migolo 155 kapena kuposerapo pang'ono. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa: vinyo wokhala miyezi 18 m'mgolo amakumana ndi wa chaka chotsatira, choncho chipinda chikwane migolo 310. Thanki ya vinyo wofiira nayo simuidzaza, siyani gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa makoko amafufuma n'kukwera pamwamba.

Mayi a Laimu:
Yakaleyo musaikhudze msanga, bambo. Lamulo la South Africa la 1999 silola kusintha nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo, ndipo kumeneko chimachokera ku Heritage Western Cape, bungwe loteteza zinthu zakale m'chigawocho. Komanso makoma ake ndi a njerwa zofewa ndi dothi, opaka laimu, amapuma. Mukawakuta ndi simenti, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka pulasitala akuoneka bwinobwino kunja. Nanga malo otsukidwa ndi paipi tsiku ndi tsiku m'khoma lotere? Ayi ndithu. Ikhale yolawiramo vinyo, ngati nyumba yakale yofululira vinyo ya Cloete ya 1791 ku famu ya Groot Constantia, yomwe lero alendo amangokaiona, vinyo akufululidwa m'nyumba ina. Mukakwera kudenga mukapeza dothi lokhuthala pamwamba pa siling'i, musalichotse poyesa zinyalala. Analiika dala kuti udzu ukagwira moto usagwere m'nyumba.

Wamapaipi:
Zonsezi n'zoona, koma chimene chimapha munthu palibe watchula. Vinyo akamawira, lita imodzi ya madzi a mphesa imatulutsa malita oposa 40 a mpweya wa carbon dioxide. Thanki imodzi ya malita 5,000 ndiye kuti malita oposa 200,000 m'masiku owerengeka. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo ndi wolemera kuposa womwe timapuma, choncho umatsika ngati madzi n'kukadikha pamalo otsikitsitsa. Nyumba yamtsetse ya a Kamphesa ija, malo otsikitsitsa ndi chipinda cha migolo, m'mene anthu amagwira ntchito. Fani yokoka mpweya iikidwe cha pansi, osati kudenga, ndipo kachipangizo kochenjeza kakhale m'munsi mwa bondo. M'maiko ambiri, malire a carbon dioxide mumpweya kwa munthu wogwira maola 8 ndi 0.5 peresenti. Zoyesera mpweya ndi kandulo zija n'zachinyengo, kandulo imayakabe munthu atayamba kale chizungulire.

Chipinda cha migolo chikhale pa madigiri 12 mpaka 16, chinyezi 70 mpaka 80 peresenti. Kukauma, mgolo umamwa vinyo, mumangothiramo wina mwezi ndi mwezi. Chinyezi chikapitirira 85, makoma ndi migolo zimachita chuku. Dzuwa kumeneko limadzera kumpoto, ndiye chipindachi chikhale kumwera, chopanda mawindo kumadzulo. Zokolola zimayamba kumapeto a January mpaka April, pachimake pa kutentha, madigiri opitirira 35 si zachilendo, choncho polandirira mphesa pakhale pamthunzi. Makina oziziritsa matanki akhale ndi jenereta. Vinyo woyera amawira pa madigiri 12 mpaka 16, magetsi akazima kwa nthawi yaitali amatentha, fungo la zipatso n'kuthawa.

Kamphesa:
A Wamapaipi anenetsa, za mpweyazo n'zoyamba. Ndiwonjezere za pansi. Vinyo ndi wowawasa, pH yake (muyeso wa asidi) 3 mpaka 4, amadya konkire yopanda chokutira mpaka miyala kutulukira. Kutani ndi utoto wolimba wa epoxy kapena polyurethane, pansipo patsetsereke sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse kulowera m'ngalande zachitsulo chosachita dzimbiri, zokhala ndi sefa wogwira njere ndi makoko. Musanakute, thirani ndowa ya madzi muone komwe akulowera. Akadikha pakona, muphwanye mukonze pomwepo, matanki akakhazikika simudzathanso.

Wanjerwa:
Zikomo akuluakulu. Nanga mitengo ya denga latsopano, yothira mankhwala ili bwino?

Mayi a Laimu:
Funsani kaye kuti ndi mankhwala anji. Mitengo kapena mapaleti othiridwa chlorophenol kapena bromophenol, chuku chikawagwira, chimapanga TCA kapena TBA, fungo la katoni yonyowa lomwe limayenda mumpweya n'kulowa m'migolo ndi m'zitsekerero. Kadontho kosaoneka n'komwe kamaononga vinyo, ndipo likakhazikika m'mitengo ya denga, kulichotsa n'kusasula dengalo. Pachifukwa chomwechi bulichi wa chlorine asalowe m'nyumbamo, ngakhale wokolopera pansi. Pamwamba pa matanki ikani zitsulo kapena konkire, mitengo yokongolayo muisungire kolawira vinyo.