Ndiwafotokozere bwanji amayi za katemera wa malungo?

Anzanga azaumoyo, ndigawireniko nzeru. Ndimaphunzitsa amayi ku sikelo za katemera wa malungo wa RTS,S, amene dziko la Malawi lidayamba kupereka mu 2019. Mwana amabayidwa maulendo 4, kuyambira ali ndi miyezi 5, koma katemerayu sateteza kotheratu, amangochepetsa mpata wodwala, makamaka malungo aakulu aja.

Apa ndiye pandisokoneza mutu. Ndikanena zoona zake, ena amati, “Nanga tivutikirenji kubwera kanayi konse?” Ndikabisa, asiya kugona mu neti poganiza kuti mwana ndi wotetezeka, ndipo akadzadwala adzati tidawanamiza. Za maperesenti ndiye sizilowa m'khutu n'komwe.

Inu mumati chiyani kuti amvetse zoti katemera ndi neti zimayendera limodzi? Chonde ndiuzeni mawu enieni amene mumawauza.