Mayi a ana ali kuchipatala chakutali: kodi ndiwagawe ana kwa achibale?

Bambo wa ana atatu analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo. Mayi akunyumba anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo madokotala anati ayenera kulandira chithandizo chowotcha khansayo ndi cheza cha makina pamodzi ndi mankhwala amphamvu opha khansa otchedwa kemo. Popeza makina owotchera sapezeka kufupi ndi kumene tikukhala, ananyamuka sabata yatha kupita kuchipatala chakutali, kumene mng'ono wawo akuwadwazika, ndipo tauzidwa kuti akhalako pafupifupi miyezi iwiri.

Ine ndatsala ndi mtsikana wa zaka 14, mnyamata wa zaka 9 ndi wamng'ono wa zaka 4. Achibale, chifukwa cha chifundo, akuti ndiwagawe anawa m'makomo awo kuti ndizitha kugwira ntchito komanso kukaona odwalawo. Anawo sindinawauze dzina la matendawa, ndinangoti amayi apita kukaonana ndi madokotala. Koma dzulo mnyamata uja anandifunsa ngati amayi ake achoka chifukwa chakuti iye samamvera, ndipo ndinasowa choyankha. Kodi ndiwauze zoona, ndipo ndivomere kuti apatukane?

Mayi amene anachira anayankha:

Bambo, pepani kwambiri. Ine ndinagonapo kutali ndi ana anga chifukwa cha khansa, choncho ndilankhula ngati munthu amene anali pabedi. Anawo auzeni, ndipo muwauze inuyo eni ake pasanapite masiku. Ife tinabisa poganiza kuti tikuwateteza, koma mwana wanga wachiwiri anazimva kwa mnzake wosewera naye, amene anazimva kwa akuluakulu akunong'onezana, ndipo anakhala masabata angapo osafuna kulankhula nane pafoni chifukwa anaona kuti tamunamiza. Mpaka lero zimandipweteka kuposa mmene singano zinkandipwetekera.

Chinanso chimene anthu athanzi sachidziwa n'chakuti wodwala amaopa kuiwalika pakhomo pake. Achibale anga ankapanga zinthu zonse osandifunsa, ati kuti ndisade nkhawa, koma ine ndinkamva ngati andichotsa kale m'banja ndikadali moyo. Musanapange chilichonse chokhudza kugawa ana, afunseni mayiwo. Muziwafunsanso tinthu ting'onoting'ono, monga chovala chimene wamng'onoyo avale kapena chochita mnyamata akakana kulemba ntchito yakusukulu, kuti azidziwa kuti akadali mayi a panyumbapo. Sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse yoimbirana foni, ngakhale kwa mphindi zisanu zokha, ndipo tsiku limene thupi lawakana anawo angotumiza mawu ojambula, iwo adzamvetsera akapeza mphamvu.

Namwino wopuma pantchito anayankha:

Ndikugwirizana ndi mayi amene alemba pamwambapa, ndipo ndiwonjezere za chithandizocho, chifukwa mukachimvetsa mudzatha kuwafotokozera ana popanda kuwaopseza. Pa khansa imeneyi, kuwotcha kumachitika tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kawirikawiri kwa masabata asanu, amene ndi maulendo pafupifupi 25, ndipo kemo amaperekedwa kamodzi pa sabata. Kenako pamabwera kuwotcha kwa m'kati, kumene kachipangizo kotulutsa cheza kamaikidwa m'thupi pafupi ndi chotupacho, ndipo madokotala amayesetsa kuti zonse zithe pasanadutse masabata asanu ndi atatu, chifukwa kudumphadumpha masiku kumachepetsa mphamvu ya chithandizo. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti, ngakhale wamng'onoyo atalira bwanji, musawakakamize mayiwo kubwera kunyumba pakati pa sabata. Pangani kalendala pakhoma kuti ana azichonga tsiku lililonse limene amayi amaliza, chifukwa mwana wa zaka 4 samvetsa kuti miyezi iwiri n'chiyani, koma mabokosi akamachepa amawaona.

Funso la mnyamata wanu silachilendo. Ana aang'ono amakonda kuganiza kuti kusamvera kwawo kapena mawu oipa amene ananena atakwiya ndiwo abweretsa vuto pakhomo. Muuzeni momveka bwino kuti palibe chimene iye anachita kapena kuganiza chimene chinayambitsa matendawa, kuti khansa sapatsirana pokumbatirana kapena podyera mbale imodzi, ndiponso kuti pali anthu amene azimusamalira tsiku lililonse. Akakufunsani ngati amayi amwalira, musalumbire zimene simungazikwanitse. Munene kuti madokotala akupereka chithandizo champhamvu n'cholinga choti achire, ndipo kuti chilichonse chikasintha mudzamuuza.

Mukapita nawo kukawaona, dziwani kuti munthu amene wawotchedwa ndi makina akunja satulutsa cheza chilichonse, choncho ana akhoza kuwakumbatira. Chofunika kusamala ndi mbali inayo: kemo amachepetsa asilikali a m'thupi, motero mwana amene ali ndi chimfine, katsabola kapena chikuku asapite, ndipo onse asambe m'manja. Auzeninso alamu anu amene akudwazikawo kuti thupi la wodwala likatentha kufika madigiri 38 athamange nawo kwa dokotala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Muwakonzekeretsenso ana kuti amayi akabwera adzakhala otopa kwa masabata angapo, mwinanso miyezi, kuti asadzakhumudwe poona kuti sakudzuka m'mawa monga kale.

Wina amene ndi woyamba kubadwa kwawo anayankha:

Bambo, ine ndinali ndi zaka 15 pamene bambo anga anapita kutali kukalandira chithandizo, amayi n'kupita nawo limodzi. Pa funso lanu lachiwiri ndikunena mosakayika kuti anawo asapatukane. Ife anatigawa m'makomo atatu, ndipo ngakhale kuti kulikonse anatilandira bwino, usiku ndinkalira osati chifukwa cha bambo okha, koma chifukwa sindinkadziwa ngati mng'ono wanga wagona bwino. Mwana akachokeredwa ndi kholo, chimene chimamugwira mtima ndi abale ake, bedi lake ndi sukulu yake. Ngati achibale akufunadi kuthandiza, mmodzi wa iwo abwere adzakhale panyumba panu, kapena azisinthana.

Koma ndikukupemphani chinthu china chokhudza mtsikana wanuyo. Anthu adzayamba kumuyamikira kuti wakula, ndipo posakhalitsa ntchito zonse za amayi ake zidzagwera pamutu pake. Iye sadzadandaula, chifukwa adzaona kuti kudandaula n'kukuwonjezerani katundu. Mpatseni ntchito zoti angazikwanitse, koma muzimusiyira nthawi yowerenga ndi yocheza ndi anzake, ndipo muzimufunsa ali yekha mmene akumvera. Auzeninso aphunzitsi a ana onse, kuti akaona mwana akugona m'kalasi kapena akupsa mtima msanga asathamangire kumulanga.

Bambo wina amene anadwazikapo anayankha:

Sindikutsutsa zimene zanenedwa, koma ndikufuna kuti mnzangayu asadzimve wolakwa ngati zitavuta. Si banja lililonse limene lili ndi wachibale womasuka kusiya pakhomo pake kwa miyezi iwiri, ndipo inu mukasiya ntchito kapena mukadwala chifukwa cha kutopa, banja lonse ligwa. Ine mwana wanga wamng'ono ndinamupereka kwa azakhali ake mkati mwa sabata, Loweruka ndi Lamlungu n'kumabwera kunyumba, ndipo tinamuuza tsiku lenileni limene adzabwerere. Anapirira chifukwa ankadziwa kuti sanatayidwe. Inunso, achimwene, pezani munthu mmodzi wamkulu amene mungamamuuze za mantha anu, kuti musamawasenzetse mwana wanu wamkazi kapena odwalawo.

Bambo wa ana atatu anayankhanso:

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinalankhula ndi mayi akunyumba, ndipo anakana zoti ana agawidwe, ananenanso kuti akufuna kukhala pafoni pamene tikuwauza. Tachita zimenezo madzulo ano. Mtsikana uja anati ankadziwa kale chifukwa anaona mapepala akuchipatala, ndipo analira nthawi yaitali. Mnyamata anafunsa kawiri ngati si iye anachititsa, ndipo amayi ake anamuyankha okha. Mlongo wanga wavomera kubwera Lachisanu kudzakhala nafe masabata atatu oyamba, ndipo za masabata otsalawo tikukambiranabe ndi achibale ena. Mayi namwino, ndikufunseni: wamng'onoyo ali ndi chifuwa pang'ono, kodi ulendo wa Loweruka lino wokaona amayi ake tiusiye kaye?