Thandizeni, funso la ma prime number latisowetsa mtendere

Membala wobisa dzina: Abale, mwana wanga wa Folomu 2 wapatsidwa homuweki yoti asonyeze kuti ukaphatikiza ma prime number (akuti ndi manambala amene amangogawika ndi 1 ndi iwo eni basi) otsatizana, yankho limagawika. Ine masamu ndinasiyana nawo kalekale. Bambo ake ndiye osanena, fizi ndimalipira ndekha iwo ali pa bawo. Magetsi azima kuyambira m'mawa, foni yatsala pang'ono kuthima, ndipo akuti amene salemba mawa akalima kumunda wa sukulu. Nditani?

Make Chisomo: Limagawika ndi chiyani, mayi? Ndipo akuphatikiza angati, awiri kapena atatu? Tajambulani funsolo.

Mphunzitsi Wopuma: NDI 12 BASI! 5+7=12, 11+13=24, 17+19=36, 29+31=60. Ana a masiku ano awonongeka ndi calculator. Ife tinkaloweza ma times pansi pa mtengo, ukaphonya chikoti.

Dalitso: Aphunzitsi, 7 ndi 11 ndi otsatizananso, ndipo 7+11 ndi 18. Tagawani ndi 12 tione.

Mphunzitsi Wopuma: Iwe, ndinayamba kugwira choko usanabadwe.

Dalitso: Choko sichisintha 18, bambo. Mwangotola ma prime amapasa, olekana ndi 2. Amenewo inde, chifukwa nambala yapakati pawo imagawika ndi 6, ndiye kuphatikiza awiriwo n'chimodzimodzi kuichulukitsa kawiri. Komanso 3+5 ndi 8, lamulo lanulo limayambira pa 5.

Nachisale: Wanga analephera MSCE chifukwa cha masamu omwewa. Ndinalipira part time, mphunzitsiyo anangodya ndalama n'kusowa. Mpaka pano mtima umandiwawa.

Mjomba wa ku Joni: Mayi, vuto si prime, vuto ndi bambowo. Fizi igawike ndi 2, pasakhale remainder 😂

Make Chisomo: Mjomba, za banja la eni zisiyeni.

Tamanda: Ngati ndi awiri, mwana alembe chonchi. Kupatula 2+3=5, ma prime onsewo ndi odd (sagawika ndi 2), ndiye yankho ndi even (limagawika ndi 2). Theka la yankholo limagwera pakati pa ma prime awiriwo, ndipo pakatipo palibe prime ina poti ndi otsatizana. Ndiye thekalo limagawikanso. Onani 13+17=30, theka lake 15, yomwe ndi 3×5. Akakhala atatu musalonjeze kanthu: 5+7+11=23 ndi prime, koma 13+17+19=49 ndi 7×7.

Mphunzitsi Wopuma: Zonsezi mwakopera pa intaneti. Silabasi anaiwononga ndi amene anachotsa mental sums.

Dalitso: Tikudikirabe 18 uja, aphunzitsi.

Mphunzitsi Wopuma: Admin, mwana uyu alibe ulemu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Mwana wagona ndipo kope lili m'chikwama, mumdima muno sindingalipeze. Ndiye alembe 12 kapena 18?

Mphunzitsi Wopuma: 12!