Mauthenga a WhatsApp sanabwere pa foni yatsopano, ndichite bwanji?

Wazitenje ku Kapata:
Abale ndithandizeni. Ndagula foni yatsopano ya Android, ndipo mnyamata wa pashopu ndiye anandilowetsera zonse. SIM ndi yomweyo, nambala sinasinthe, koma WhatsApp yatseguka mulibe kanthu. Magulu aonekera, mauthenga akale ayi. Ine ndimagulitsa zitenje, ndipo amene anatenga pangongole ndimawalemba momwemo, komanso za chilimba chathu zonse zili m'menemo, amene anaponya ndi amene sanaponye. Mwezi ukutha, anthu ayamba kufunsa. Foni yakale inkalemba kuti backup (kusunga kope la mauthenga) yachitika, nanga yapita kuti? Foniyo ndinapatsa mwana wa achemwali anga ku Chadiza.

Wokonza mafoni ku Mchini:
Amayi, musanachite china chilichonse, lowani mu Settings pa WhatsApp, pa Chats, pa Chat backup, muone Gmail imene yalembedwa pamenepo. Ndikuganiza kuti mnyamatayo anakutsegulirani Gmail yatsopano kuti amalize msanga, ndimaziona kawirikawiri pantchito yanga. Backup ya WhatsApp pa Android imakhala mu Google Drive, malo a Google osungira zinthu pa intaneti, ndipo imabwera pokhapokha nambala ndi Gmail zonse zikhale zomwe zinali pa foni yakale.

Imbirani mwanayo lero, asafufute kanthu, asachite reset. Ayang'ane pa Accounts mu Settings ya foniyo, akuwerengereni Gmail yanu yakale. Mukailowetsa pa foni yatsopano, chotsani WhatsApp n'kuiikanso. Funso la Restore (kubwezeretsa mauthenga) limabwera kamodzi kokha, mukangotsimikiza nambala ndi kodi, manambala achinsinsi obwera pa SMS. Mukadina Skip, muyenera kuchotsanso n'kuyamba poyambira. Ndipo chonde musadine Back up pa WhatsApp yopanda kanthuyo mutalowetsa Gmail yakale, chifukwa backup yatsopano imalemba pamwamba pa yakale, ngongole zanu n'kupita.

Mphunzitsi wa ku Katete:
Zimene anena akuluwa ndi zoona. Ine changa chinali china. Google imapereka 15 GB yaulere, koma malo amenewa ndi a Gmail, Drive ndi Photos pamodzi, ndipo kuyambira 2024 backup ya WhatsApp nayonso imawerengedwa momwemo. Mavidiyo a Kulamba ku Mkaika anali atadzaza malo anga, backup inasiya kuchitika osandiuza bwinobwino. Pobwezeretsa ndinapeza mauthenga akale okhaokha, a miyezi yomaliza kunalibe. Choncho amayi, ikabwera, onani deti lake musanayambe kulondola ngongole, mungafunse munthu ndalama imene analipira kale.

Za bandulo nazonso. Gulani yokwanira kapena pitani pa Wi-Fi, batire ikhale yodzaza, malaiti athuwa mukuwadziwa.

Wazitenje ku Kapata:
Zikomo atate. Mwana wandiwerengera Gmail yakale, ndi yosiyanadi ndi imene ili pano. Koma password sindikuikumbuka, ndinatsegula kalekale.

Wokonza mafoni ku Mchini:
Yesani Forgot password. Ngati munalembetsa nambala yanuyi potsegula Gmail, Google ikhoza kutumiza kodi pa SIM yomweyo. Zikakanika, musataye mtima, foni yakale ibwere kuno ku Chipata, Chadiza si kutali. Ngati mwanayo sanachotse WhatsApp yanu, tiikemo SIM, titsimikize nambala, tione zimene zatsalamo. Zikapezeka, pali Transfer chats: mafoni awiri a Android amaikidwa pafupi, yakale imajambula QR, kachizindikiro ka timabokosi kamene yatsopano yaonetsa, mauthenga n'kuwoloka osadutsa mu Google Drive.

Funso limodzi amayi: munayatsapo End-to-end encrypted backup, backup yokhomedwa ija? Imeneyo imafuna password yakeyake kapena kiyi ya manambala 64, ndipo ikatayika ngakhale a WhatsApp sangakutsegulireni. Ikabwera kodi ya SMS musapatse munthu aliyense pafoni, ngakhale atanena kuti akukuthandizani.

Wazitenje ku Kapata:
Chimenecho sindinayatsepo. Mlamu wanga abwera ndi foniyo Loweruka, ndamuuza mwanayo kuti aizime aisunge. Za mavidiyo bwanji, nawonso abwera?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Mu backup amabwera ngati Include videos inali yoyatsa. Ngati sinali, muwakope kuchokera pa foni yakale musanaibweze ku Chadiza.